FUNSANI MAKANIKO: Kamuvi ka sipido kakungodumphadumpha

FUNSO

Zikomo a Makaniko, ine ndine mlimi wa kuno ku Chamama ku Kasungu. Ndili ndi Hilux ya 1994 ya dizilo, 4x4, ndimanyamulira mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma komanso soya ndi chimanga. Chithereni mvula kamuvi ka sipido sikakukhazikika, ndikamayenda pang'onopang'ono kamadumpha kuchoka pa 20 kukafika pa 60 nkubwereranso, koma ndikalowa pa tala wa M1 nkuponda ndithu kamakhala ngati kadekha. Kuseri kwa dashibodi kumamvekanso kaphokoso koti tche tche tche. Makilomita okha akuwerenga bwinobwino. Mnyamata wina wa pa garaja mtauni akuti ndigule kilasita yonse, chibokosi chokhala ndi sipido ndi mageji chija, ya ku sikirapu. Ndigule? Ndikuopa makamera a apolisi apamsewu komanso COF yatsala pang'ono kutha.

Mlimi, Chamama

YANKHO

Bambo, ndalamayo isungeni kaye, musagule kilasita. Zonse mwafotokozazi zikuloza ku kebulo, ndipo kebulo mtengo wake sungafanane nkomwe ndi wa kilasita.

Hilux ya zaka zimenezo sipido yake siyendera magetsi ayi. Pansi pa galimoto, poti yanuyo ndi 4x4 ndiye kuti pa transfer case, bokosi logawa mphamvu ku matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo lomwe lili kumbuyo kwa giyabokosi, pali kagiya kakang'ono ka pulasitiki kamene kamazunguza waya wopota ali mkati mwa chikopa chakuda chija (waya ndi chikopacho ndiye kebuloyo), wayayo amakwera mpaka kuseri kwa dashibodi komwe amakazunguza maginito, maginitowo ndi amene amakoka kamuvi ndipo kasipuling'i kopyapyala kamakabweza. Waya yemweyo ndi amenenso amayendetsa manambala a makilomita. Nde mukati makilomita akuwerenga mwandiuza kale kuti wayayo sanaduke ndipo kagiya ka pansi kadakagwirabe.

Chikuchitika nchakuti wayayo akumakakamira penapake mkati. Pansi akuzunguzidwabe, pamwamba waima, amapotokola ngati chingwe cha khonje kenako nkumasuka kamodzi, mpamene kamuvi kamalumphira pa 60. Mukathamanga amazungulira mwachangu moti kukakamirako sikuoneka bwino, nchifukwa chake pa tala kamadekha. Ndipo misewu ya kwanu uko ndi imene imapha makebulo, dzinja matope ndi madzi amalowa pomwe chikopa chang'ambika, chilimwe fumbi, girizi wa mkati amauma nkusanduka phala louma.

Yambani chonchi. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, handibuleki, miyala kumatayala, ndipo dikirani ekizozi izizire. Hilux 4x4 njotalika, mulowa pansi popanda jeke. Tsatirani kebuloyo ndi dzanja kuchokera pa transfer case mpaka polowera mkati, muone ngati yapindika mwamphamvu, yaphwanyidwa ndi chitsa, kapena yagunda ekizozi nkusungunuka. Nthawi zambiri vutoli limayamba galimoto ikachoka kosintha kilatchi, anyamata pobwezera giyabokosi amaidutsitsa kebuloyo polakwika nkuimanga ndi waya mokhotetsa. Onaninso nati yomangira pansipo ngati sinamasuke, ndi kuseri kwa kilasita ngati kebuloyo yalowa mpaka kumapeto, mabampu amaigwedeza nkuitulutsa pang'ono.

Zonsezo zikakhala bho, masulani kebuloyo mbali zonse musolole waya wa mkati. Pano mpofunika kufatsa. Mupukuteni ndi kansalu ka palafini, kansaluko kakamakodwa ndiye kuti tiwaya tating'ono tayamba kuthothoka, ameneyo watha basi. Kenako mgwireni nsonga zonse ziwiri alendewere pakati, muzimuzunguza ndi zala pang'onopang'ono. Wabwino amazungulira mosalala, wopindika amakana kaye kenako nkugudubuka yekha, muzimva ndi m'zala momwe. Yang'ananinso nsonga zake, zimayenera kukhala za makona anayi akuthwa, zikaperepeseka nkukhala zobulungira zimaterereka m'malo mwake ndipo kamuvi kamagwa nkudzuka. Ngati wayayo ali bwino mpakeni girizi wopepuka pang'ono chabe, koma masentimita 20 a kumtunda muwasiye ouma chifukwa girizi akalowa mu sipidomo amamata maginito aja ndiye mwayambitsa vuto lalikulu kuposa loyamba. Ine ndikapeza chikopa chong'ambika sindilimbana nazo zopaka, ndimati tigule kebulo yonse, ndipo popita kokagula tengani yakaleyo mukayerekeze kutalika ndi nsonga zake poti ya 4x4 ndi ya 2x4 sizifanana.

Mukapeza wayayo ali wonyowa ndi oyilo wonunkha wa giya mpaka kumtunda, ndiye kuti kasiilo ka pa kagiya kaja katha, oyilo akukwera ndi waya. Kasinthidwe, apo ayi kebulo yatsopanoyo idzachitanso zomwezo. Poti mwafika kale pamenepo solorani kagiyako muone mano ake, akadyeka pakati kasintheni ndi ka mano ochuluka chimodzimodzi.

Kilasitayo tiipatse mlandu pokhapokha mwaiyesa. Bwerekani dirilo ya batire, panani nsonga ya pansi ya kebulo yabwino mu diriloyo, mnzanu akhale mkati aziyang'ana. Kamuvi kakapanda kusuntha sinthani diriloyo izizungulira cham'mbuyo. Kakakwera nkuima malo amodzi, kilasita yanu ilibe vuto. Kakamanjenjemerabe kapena kulira, apo ndiye mkati mwadyeka ndipo mnyamata uja akhoza kukhala kuti ananena zoona, komabe ya ku sikirapuyo muiyese ndi dirilo yomweyo musanapereke ndalama.

Ena amene muli ndi mapikapu a kumapeto kwa ma 90 kubwera kuno, ambiri alibe kebulo, ali ndi sensa ya mawaya pamalo omwewo. Inuyo yambani ndi pulagi yake, imadzadza matope ndi dzimbiri, kenako waya wa ethi. Geji ya mafuta ndi ya kutentha zikamadumpha limodzi ndi sipido musalimbane ndi sensa, yezetsani alternator yotchaja batire ija, injini ikulira batire izionetsa pakati pa ma volts 13.8 ndi 14.4.

Musachedwe nazo bambo, waya wokakamira mapeto ake amaduka, ndipo kudumphako kumafooketsa kasipuling'i ka kamuvi. Podikira kukonza, ikani pa foni pulogalamu ya GPS yoonetsa liwiro, wothandizira wanu azikuwerengerani makamaka polowa m'ma trading centre.

FUNSO LINA

Ndinachotsa matayala a 195R14 pa Nissan yanga nkuika 215R15, kodi zimenezi zingadumphitse kamuvi?

Woyendetsa matola, Santhe

YANKHO

Ayi achimwene, matayala sadumphitsa kamuvi koma amakanamitsa. Tayala la 215R15 ndi lalikulu kuposa lakalelo ndi pafupifupi 8 kapena 9 pa 100 iliyonse, ndiye pomwe kale mumayenda 80 pano mukuyenda cha m'ma 87 kamuvi kali malo omwewo, ndipo makilomita akuwerengekanso ochepa, oyilo muzisintha manambala asanakwane. Ngati kakudumphanso, lowani pansi muone kebulo monga ndawauzira bambo a ku Chamama.