Kodi mvula ya ku Kasungu imakathera mu South Rukuru?

Aphunzitsi, mwafunsa ngati mtsinje wa South Rukuru umayambira kuno ku Kasungu, komanso ngati ndi womwewo umatuluka ku Karonga. Mayankho onse awiri ndi ayi.

Wa ku Karonga uja ndi North Rukuru, mtsinje wina. Umachokera ku Nyika n'kukalowa m'nyanja pafupi ndi boma la Karonga. Awiriwa sakumana paliponse.

South Rukuru gwero lake lili kumwera kwa mapiri a Viphya, m'boma la Mzimba. Ana ambiri amasokonezeka apa chifukwa nyanja ili kum'mawa, koma mtsinje umayamba n'kuifulatira. Viphya yaima ngati khoma pakati pa chigwa cha Mzimba ndi nyanja, ndiye madzi amatsikira kumadzulo, kenako n'kukhotera kumpoto, kuyenda chapafupi ndi malire a Zambia. M'njira umalandira mtsinje wa Mzimba, umadutsa m'mphepete mwa kumwera kwa nkhalango ya Vwaza, pamene pali nyanja yaing'ono ya Kazuni yomwe imafufuma nthawi ya dzinja n'kuphwa kwambiri m'chilimwe. Pafupi ndi Rumphi umapanikizika pakati pa mapiri pa Njakwa, n'kulowa m'chigwa cha Henga. Kasitu, yemwe amabweretsa madzi a Lunyangwa ochokera ku Mzuzu, amathira chakomweko. Pomaliza umatsika motsetsereka kwambiri, kudzera pa mathithi a Fufu, mpaka kunyanja cha ku Mlowe. Nyanjayo ili pafupifupi mamita 474 pamwamba pa nyanja ya mchere, pomwe nsonga ya Nganda ku Nyika imapitirira mamita 2,600. Mitsinje yochokera kumeneko, monga Rumphi ndi Runyina, ndi imene imausunga wamoyo mu Okutobala, kumtunda ku Mzimba kutatsala mchenga ndi zithaphwi.

Nanga mvula yathu? Yambiri ya kumpoto ndi pakati pa Kasungu imagwera mu Dwangwa, kudzera mu Lingadzi wa m'paki ya Kasungu ndi Mpasadzi. Ya kumwera ndi ya ku Mchinji imapita mu Rusa ndi Bua. Zitunda za kumwera kwa Mzimba, cha ku Jenda, ndi zomwe zimagawa madzi a Dwangwa ndi a Rukuru. Kumadzulo nako, malire athu ndi Zambia anatsata chitunda chogawa madzi: ogwera tsidya linalo amapita mu Luangwa. Onsewo amakathera mu Zambezi, athuwa atadzera kaye m'nyanja ndi mu Shire.

Pophunzitsa kujambula malire a dera la mtsinje, kutanthauza malo onse amene madzi ake amathira mumtsinjewo, tengani mapu a 1:50,000, pomwe masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Ana ayambe n'kudetsa ndi pensulo mtsinje waukulu ndi timitsinje tonse tothira mmenemo, mpaka kumagwero. Kenako aike timadontho pa nsonga ndi pa zitunda zimene zili pakati pa timitsinje todetsedwa ndi tosadetsedwa, alumikize madonthowo. Mzerewo usadumphe mtsinje uliwonse, kupatula pamathiriro pomwe wayambira ndi kutsekera. Ukadumpha, kwalakwika, afufute.

Pamene ana amalakwitsa kwambiri ndi pa mizere ya contour (yolumikiza malo okwera mofanana) yopindika ngati V. V wa m'chigwa amaloza kumtunda, komwe madzi akuchokera. Wa pachitunda amaloza kumunsi. Mwana akatembenuza zimenezi, mtsinje wake umakwera phiri. Vuto lina ndi la kwathu kuno: Kasungu ndi wathyathyathya, mizereyo ndi yotalikirana, ndipo madambo awiri oyandikana amatha kutsikira kosiyana. Pamenepo asaganizire, awerenge manambala a kutalika kwa malo olembedwa pamapu. Ena amangotsata malire a boma kapena msewu wa M1, poganiza kuti madzi amadziwa DC.

Kukula kwa dera awerenge ndi mabokosi a pamapu. Lililonse ndi sikweya kilomita imodzi. Awerenge odzaza, aphatikize ndi theka la odukiza. Koma South Rukuru yense sangakwane patsamba limodzi la 1:50,000, ndiye ayeserere pa kamtsinje ka pafupi ndi sukulu, wamkuluyo mukawaonetse pa mapu a dziko lonse.