Khoko la nthochi loponyedwa pawindo la minibasi

Mdzukulu wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukuti unakwera minibasi ku Limbe kupita ku Zomba, unagula nthochi pa Namadzi, ndipo utadya unaponya makoko pawindo. Mayi wina amene munakhala naye mpando umodzi anakudzudzula anthu akumva, iwe n'kumuyankha kuti khoko la nthochi si jumbo, limawola lokha n'kusanduka manyowa. Tsopano nkhaniyi yakugawanitsani ndi anzako kusukulu. Ena akuti wotaya zowola azilipira chindapusa ngati wotaya mabotolo, ena akuti kumeneko n'kuzunza anthu chabe. Ukufuna kumva maganizo a agogo ako.

Pali pamene walondola, ndipo sindikukana. Khoko ndi jumbo si zofanana. Khoko likagwera pa dothi lonyowa, chiswe, nyerere ndi nyongolotsi zimalidya, pakapita masabata angapo sulipezanso. Jumbo imakhala zaka zambirimbiri, ndipo mbuzi ikaimeza imadwala mpaka kufa. N'chifukwa chake boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo eni mafakitale atakadandaula kukhoti, khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalebe.

Koma mawu akuti "limawola" mwawapeputsa, ana inu. Kuwola kuli ndi ulendo wake. Chinthu chisanasanduke dothi chimayamba chanunkha, chaitana ntchentche, chabala mphutsi. M'nyengo yotentha ngati ya Okutobala, dzira la ntchentche silitha masabata awiri lisanakhale ntchentche youluka. Ndipo ntchentche sisankha potera. Ichoka pamulu wa zowola, ikatera kuchimbudzi, kenako ili pa mandasi amene mng'ono wako wagula pageti la sukulu. Iwe unali wamkulu kale pamene kolera inabuka ku Machinga mu Marichi 2022 n'kufalikira dziko lonse. Inatenga anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo. Ndisakunamize kuti khoko la nthochi limabala kolera, ayi. Matendawa amayenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Koma ngalande ikatsekeka ndi zitsononkho, zotafuna za nzimbe ndi masamba a kabichi, madzi a mvula amasefukira, amasakanikirana ndi zonyansa n'kulowa m'zitsime zosatetezedwa. Kumeneko zowola zija zathandizira.

Tsono funsa kuti khoko lako linagwera pati. Pa phula ndi pa simenti palibe chiswe. Limangogona pamenepo, mvula ikagwa n'kuterera, ndipo munthu wa msinkhu wangawu akaponda n'kugwa, fupa la m'chiuno silichedwa kuthyoka ndiponso silichira msanga. M'mbali mwa msewu, zakudya zotayidwa zimakoka agalu, mbuzi, ndipo kumadera a mapiri ngakhale anyani, mpaka nyamazo kuzolowera kudikirira chakudya pamene galimoto zikuthamanga. Komanso pamsewuwo simudutsa iwe wekha. Minibasi zingati patsiku, ndipo m'minibasi iliyonse muli anthu angati oganiza ngati iwe? Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Anzako ena anganene kuti kumudzi timataya paliponse. Amenewo sanaone bwino m'mene tinkakhalira. N'zoona kuti ukakhala kumunda, wadya mango, nthangala yake umaiponya m'mizere momwemo popanda wokufunsa, chifukwa mundawo ndi wako ndipo dothilo likuilandira. Mitengo yambiri ya mango imene mumadya lero inamera motero. Koma pakhomo zinali zina. Nyumba iliyonse inali ndi dzala lake kuseri, ndipo kenako alangizi a zaumoyo anatiphunzitsa kukumba nkhuti. Chilichonse chinali ndi kopita. Makoko a nthochi ndi a chinangwa ankapita kwa mbuzi ndi nkhumba, nyenyeswa za nsima kwa nkhuku, phulusa kuchimbudzi kapena kudimba, zotsala kudzala. Ukapita kudzalako mvula ikagwa, unkapeza maungu ndi tomato zomera zokha, zonenepa kuposa za kumunda. Mtsikana ankadzuka mbandakucha ndi tsache, dzuwa likamatuluka bwalo lili mbee. Pakhomo posasesa anthu ankapanena, ndipo a chibwenzi akabwera kudzaona pakhomo ankayang'ana bwalo asanayang'ane nkhope.

Ndipo panali chinthu chimodzi chimene munthu woleredwa bwino sankachita: kutaya zinyalala pabwalo la mnzake kapena panjira yodutsa anthu. Ukatero, nkhani inkafika kwa amfumu, ndipo palibe amene ankafunsa ngati zinthuzo n'zowola kapena ayi. Ena ankafika pokukayikira kuti wataya mankhwala, makamaka zikapezeka pamphambano. Chimene chinkapweteka anthu ndi chipongwe, choti iwe wadya, wakhuta, koma wina awerame atole. M'tauni chipongwe chimenechi chilipobe, kungoti woweramayo sumuona. Ndi amayi aja osesa m'misika ndi m'madepoti m'mamawa, ndi anyamata okweza zinyalala pagalimoto zopita ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe. Amenewo ndi makolo a anzako, ali ndi misana yopweteka ngati wangawu.

Ndiye ukandifunsa ngati ndi mlandu, ndikuti inde, ndi mlandu. Koma milandu siilingana, ndipo mfumu yanzeru sinkalipitsa wakuba dzira mofanana ndi wakuba ng'ombe. Mwana kapena wapaulendo amene waponya khoko limodzi auzidwe kuti atole, atolenso ndi zina zili pafupi, basi. Manyazi a kuwerama anthu akuona amaphunzitsa kuposa ndalama, ndipo kulipitsa munthu amene nthochi ziwirizo ndiye chakudya chake cha tsiku lonse sikungayeretse mzinda. Chindapusa ndikuchifuna kwa ena: wogulitsa amene amakhuthula wilibala ya tomato wowola m'ngalande usiku, mwini malo odyera amene amatayira zotsala mumtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe, ndi munthu amene wachenjezedwa kawiri katatu koma samva. Amenewo alipire ndithu, ndipo asadzitchinjirize ndi mawu akuti "n'zowola izi", pakuti mulu wa zowola ndiwo umanunkhitsa msika wonse ndi kuweta makoswe.

Apa ndili ndi mawunso kwa a khonsolo, chifukwa sindingadzudzule ana okha. Tsiku lililonse amatolera ndalama za chiphaso kwa ogulitsa m'misika. Amene watenga ndalama aike motayira, ndipo motayiramo mukadzaza abwere adzachotse. N'kulakwa kulanga munthu chifukwa chotaya pansi pamene bini yasefukira kwa mwezi wathunthu. Mu 2020 boma linakhazikitsa tsiku loti anthu aziyeretsa madera awo Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo ganizolo ndi labwino, koma kusesa kamodzi pamwezi sikungapose kutaya kwa tsiku ndi tsiku. Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti zambiri zimene timataya m'misika yathu ndi zowola zomwezi, pamene feteleza wakwera mtengo moti alimi ambiri sakumukwanitsa. Manyowa amene akanalimbitsa dimba akutseka ngalande.

Za mayi uja sindikusiya osanena. Mwina anayankhula mokalipa, ine kunalibe. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo munthu wamkulu akakudzudzula pa chinthu choona, wakutenga ngati mwana wake. Amene sakusamala za iwe amangoyang'ana kumbali. Unayenera kunena kuti "Pepani amayi, ndamva," ndipo zoti khoko limawola ukanazifotokoza mofatsa pambuyo pake ngati unkafunadi kukambirana. Ukadzakumana nayenso, kapena wina wonga iye, uyambe ndi pepani ameneyo.

Paulendo wotsatira, makokowo uwabwezere m'jumbo imene wagulira nthochi, uike m'chikwama mpaka utsike. Ukapeza bini taya m'menemo, ukapanda kuipeza fika nawo kunyumba. Ndipo tchuthi chikubwerachi ukabwera kuno, udzanditsate kuseri kwa khola. Ndakumba nkhuti yatsopano, ndipo yakale ija ndaifotsera kuti ipse. Tidzaifukula limodzi, udzagwire ndi manja ako dothi lakuda limene latuluka m'makoko a chaka chatha, kenako tidzapite nalo kudimba la mpiru.

Ndine agogo ako.