Ndilembe chitukwanocho m'nkhani yanga yofunsira malo ku koleji?

Mtsikana wina amene analemba MSCE chaka chatha wanditumizira imelo. Akufunsira malo m'makoleji a ku America kudzera pa Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo m'makoleji angapo nthawi imodzi, ndipo m'nkhani yofotokoza za moyo wake akufuna kulemba ndendende mawu otukwana amene bambo ake omupeza anamunena tsiku limene anakana kumulipirira fizi. Akuti akawachotsa mawuwo, nkhaniyo izizira.

Mng'ono wanga, imelo yako yandikhudza kwambiri, chifukwa ndikudziwa chimene chikukukankha. Mayi anga ankagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pa depoti ya basi, ine n'kumakawathandiza ndikaweruka kusukulu. Tsiku lina bambo wina wotchena bwino anadya mandasi n'kukana kulipira, ati ndi ogona. Mayi atamuumiriza, iye anawatukwana pagulu, mpaka kutchula ziwalo zawo, ine ndili pompo. Ena anaseka. Mayi sanayankhe kanthu. Anagwada, n'kuvindikira beseni ndi kansalu, koma manja awo ankanjenjemera moti analephera kumanga mfundo ya pachitenje pamene ankasungira ndalama. Ndinawamangira ndine. Madzulo ake anakanda ufa wa mandasi a mawa ngati palibe chachitika, ndipo m'mawa tinabwerera pa malo omwewo. Mawu a bambo uja ndimawakumbukira onse mpaka lero, koma ndikamawasimbira ana anga nkhaniyi sinditchulako ngakhale limodzi, ndipo amagwetsabe misozi. Chimawaliza ndi manja a agogo awo aja.

Ndiye ndikuuza mosapsatira: usalembe. Common App imakupatsa mawu osapitirira 650. Bambo ako okupezawo anakulanda kale zambiri, uwapatsenso malo pa tsamba limene likuyenera kunena za iwe? Aliyense angathe kukopera chitukwano. Chimene unachita utatukwanidwa, kumene unakapeza fizi, mmene unakhozera mayeso mtima uli wosweka, izo palibe wina angazilembe koma iwe.

Ndikudziwa ena anena kuti ndikudzichititsa, kuti ngakhale kwathu kuno mawu olaula alipo. Alipodi. Ali m'nyimbo zina za gule wamkulu, ali kuchinamwali, asuweni amanenana zoopsa n'kumaseka, adzukulu pamaliro amalankhula zimene wina sangayerekeze. Koma onsewa ndi anthu odziwana, ndipo aliyense amadziwa nthawi yake ndi malo ake. Amene akawerenge nkhani yako ali mu ofesi ku Ohio kapena ku Massachusetts, sakukudziwa, ndipo ali ndi mulu wa nkhani za ana ena patebulo. Mwina ndi wachinyamata amene sangadabwe. Mwina ndi mayi wachikulire amene akafika pa mawuwo mtima wake uchoka pa iwe. Sungasankhe. Komanso nkhani imodzi yomweyo imapita ku makoleji onse amene wasankha, mpaka 20, ndipo ena mwa iwo ndi a mpingo, monga Notre Dame ya Akatolika.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ana athu akuganiza kuti ku America kutukwana si nkhani, poti amakumva m'mafilimu ndi m'nyimbo. Si zoona. Mu 2017 yunivesite ya Harvard inalanda malo ana osachepera 10 amene inali itawasankha kale, chifukwa cha zithunzi ndi mauthenga onyansa amene ankatumizirana pa gulu lawo la pa Facebook. Zawozo zinali zoipa kuposa zako, ndipo sizinali m'nkhani yofunsira malo, koma zikusonyeza kuti khalidwe amaliyang'ana. Ndipo ana athu sindiwaimba mlandu. Kuno masankho a ku mayunivesite a boma amadutsa ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo chimene chimayankhula ndi mapointi a MSCE. Palibe amene amaphunzitsa mwana wa Fomu 4 kulemba za moyo wake kwa mlendo. Ndiye mwana akapatsidwa tsamba lopanda kanthu amathamangira pa YouTube, kumene amamuuza kuti alembe chinthu chodzidzimutsa kuti aoneke wosiyana ndi anzake. Mtsikana wochokera ku Malawi amene anamenyera yekha sukulu yake ndi wosiyana kale!

Nanga uchite chiyani?

Lemba kuti anakutukwana, chiganizo chimodzi basi, kenako upite pa zimene iwe unachita. Ukamaliza, kaonetse alangizi a EducationUSA a ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, uphungu wawo ndi waulere. Yamba msanga, chifukwa makoleji ambiri amatseka gawo loyamba lofunsira pa 1 November.

Sunanene ngati ukukhalabe nyumba imodzi ndi bambo amenewo. Ngati ukukhala nawo ndipo nkhanzazo zikupitirira, uza mayi ako aang'ono kapena mphunzitsi amene umamukhulupirira, kapena imba 116, ndi nambala yaulere. Undilemberenso undiuze mmene zilili.