Mutulutseni kanyimbi wamwamunayo lero lomwe, achemwali

Achemwali, pomwe mwalemba kuti kanyimbi wamwamuna amene mukuwetayo ndi wofatsa ndipo akugonabe bokosi limodzi ndi wamkazi wa bereyo, mtima wanga wagunda. Musawasiye limodzi usiku wina. Inenso mawu anga anali omwewo, akuti wanga ndi wofatsa.

Akanyimbi anga awiri ndinawagula kuno ku England kwa bambo wina woweta nyama zachilendo. Anandiuza kuti ndi banja, anakulira limodzi, ndisawalekanitse chifukwa angadwale ndi kusungulumwa. Chisanu chonse anakhaladi bwino, kumangogona. Kufika February wamwamuna anasintha, kumuluma mnzake kumbuyo kwa khosi, kumukoka pansi, usiku wonse kulira. Nditaimba foni bambo aja anati ndi chilengedwe, asiyeni. Kulumako n'chilengedwedi, amatero pokwerana. Chomwe sanandiuze n'chakuti zikatha wamkazi safunanso kumuona pafupi. Kwawo ku America wamwamuna akakwera amangopita, ana amalera ndi mayi yekha, ndipo wamwamuna akawapeza m'dzenje amatha kuwapha. Ine ndinawatsekera chipinda chimodzi, bokosi limodzi, wamkazi wopanda kothawira.

Munali mu May. Ndikuchokera ku ntchito ya usiku, ndisanalowetse n'komwe kiyi pachitseko fungo linandipeza pa masitepe. Paja mukudziwa kuti chikhazikitsireni lamulo loteteza nyama la Animal Welfare Act la 2006 kuchotsa timatumba ta fungo n'koletsedwa kuno, ndiye onse awiri anali nato, koma chiwagulireni anali asanapoperepo. Nditatsegula chipinda maso anayamba kuwawa ngati mwalowa tsabola. Wamkazi anali pakona, mchira uli m'mwamba, akumenya pansi ndi miyendo yakutsogolo, khutu litang'ambika, magazi paphewa. Anali ataswa usiku womwewo ine kulibe. Tiana tisanu. Tiwiri tinali pakapeti titafa kale, kamodzi kopanda mutu. Kanzakeko ndinakatola ndi dzanja, kanali kasanazizire bwinobwino, mizere yoyera ija ikuoneka kale pakhungu, maso otseka. Wamwamuna anali m'bokosi momwe munali totsalato. Ndinamuponyera thaulo kuti ndimunyamule, anandipopera kumaso. Ndinakhala pansi m'bafa madzi akutsikira m'maso, osaona, ndikumva tiana tikulira kuchipinda. Mpaka lero kulira kumeneko sindinakuiwale.

Titatu totsala ndinatinyamula ndi manja, kutiwerenga, kutifunditsa, kusintha zofunda zonse za m'bokosi chifukwa cha magazi. Mayi wake anabwerera koma sanakhazikike, amangotinyamula pakamwa uku ndi uku. Kutacha kamodzi kanali katasowa. Anakadya yekha. Dokotala wa ziweto wapafupi anati nyama zotere sazigwira, ndinayenda ulendo wautali kukapeza wodziwa nyama zachilendo, ndiye amene anasoka khutu lija n'kundiuza kuti mayi akachita mantha kwambiri amatero. Tiwiri tomaliza ndinatimwetsa ndekha mkaka ndi sirinji, usana ndi usiku, ndikupitabe kuntchito. Kamodzi kanafera m'manja mwanga tsiku lachinayi. Kapulumuka kamodzi kokha.

Bambo aja nditawatumizira zithunzi pa WhatsApp anati ndi vuto langa, mwina sindimawadyetsa mokwanira. Munthu amene anandiuza ndi pakamwa pake kuti ndisawalekanitse! Kenako anandiblocka. Ndalama analandira, ndipo akugulitsabe awiriawiri kwa anthu osadziwa kanthu, mawu ake omwe aja akuti ndi banja. Amadziwa bwino lomwe, chifukwa kwawo amuna anali m'makola awoawo, ndinaona ndi maso anga tsiku logula koma sindinafunse chifukwa chake. Kapeti ndinalipira ndekha kwa eni nyumba, koma si kapeti imene imandipweteka.

Ndiye achemwali, chotsani wamwamuna, osati wamkazi. Wamkazi akhale pomwe wazolowera, bokosi lomwelo, zofunda zomwezo. Wamwamuna apite chipinda china chokhala ndi loko, chifukwa nyama zimenezi zimatsegula ndi makabati omwe. Musawerenge masiku n'kumati nthawi ilipo. Bere la kanyimbi limatha miyezi iwiri, nthawi zina kupitirira mpaka masiku 75, simungalosere usiku wake. Ngati pali wamkazi wina nayenso achoke. Ogulitsawa musawakhulupirire, komabe afunseni amene anakugulitsani ngati wamkaziyo anaswapo kale ndi momwe anachitira ndi ana, akhoza kukuuzani zothandiza.

Akaswa, mdima ndi bata. Ana a m'nyumba asalowemo, alendo ayi, makina opopa fumbi ayi. Chakudya ndi madzi muziika pakhomo n'kutuluka. Tiana musatigwire mpaka titatsegula maso, pamatenga pafupifupi milungu itatu. Komanso musangotseka chitseko n'kuiwala, muzisuzumira tsiku lililonse, mukaona kena kali kunja kwa bokosi kakuzizira katoleni, chifukwa kanga kamene kali moyoka ndikanapanda kukatola sikakanakhalapo. Nambala ya dokotala wa nyama zachilendo ipezeni lero, osadikira tsiku la vuto, ndipo sirinji ndi mkaka umene iye angakuuzeni zikhale m'nyumba.

Wanga wamwamuna ndinakamufula pambuyo pake, ndipo kukweretsa ndinasiyiratu. Khola lachitsulo lomwe ndinagula mochedwa lija likungokhala. Ngati mulibe pomuika wanuyo usiku uno, ndilembereni ku inbox, ndikubwerekani.