Mira, Vitz kapena Aqua: yoyendera kuntchito kuchokera ku Machinjiri

Achemwali, mwafunsa kuti pakati pa Daihatsu Mira, Toyota Vitz ndi Toyota Aqua mugule iti yoyendera tsiku ndi tsiku kuchokera ku Machinjiri kupita ku Limbe, ndipo mwanena kuti ndalama zanu ndi zochepa. Ine ndikukulangizani Vitz, makamaka ya injini ya 1300cc, ngakhale kuti Mira ndi yotsika mtengo pogula.

Mira ili ndi injini ya 660cc ya masilinda atatu, ndipo ndi zoona kuti imamwa mafuta pang'ono kwambiri. Koma inapangidwira misewu yosalala ya m'mizinda ya ku Japan, pomwe Blantyre ndi mzinda wa zitunda. Mukanyamula ana awiri, mnzanu wa kuntchito ndi thumba la ufa kumbuyo, kenaka n'kuyamba chitunda mutayatsa AC, injiniyo imalira mokweza koma liwiro osaoneka, ndipo phazi likakhala pansi choncho mafuta amene mumati mupulumutsa amapita ndithu. Matayala akenso ndi aang'ono, kotero m'misewu yafumbi yokumbika ndi mvula imavutika. Munthu wokhala malo athyathyathya, woyenda yekha pa tala, Mira ingamuyenere, inu ayi.

Ubwino waukulu wa Vitz ndi wakuti zachuluka m'dziko muno, choncho masipeya ake, atsopano ndi akale omwe, amapezeka ku Limbe ndi ku Ndirande popanda kudikira kuti wina akuitanitsireni kunja, ndipo makaniko ambiri amaidziwa bwino. Ya 1000cc imamwa mochepera koma imanjenjemera ikaima pa loboti ndipo imafooka pachitunda. Chosamala nacho ndi giyabokosi: Vitz zambiri za kuyambira 2005 zili ndi mtundu wa giyabokosi ya otomatiki wotchedwa CVT, womwe umafuna mafuta akeake, ndipo makaniko akathiramo ATF, mafuta a giyabokosi ya otomatiki wamba, mudzagula giyabokosi ina posachedwa. Muziima pomwepo akamasintha mafutawo, muwerenge nokha zolembedwa pachigubu.

Aqua, yomwe inayamba kupangidwa mu 2011, ndi yabwino zedi pa mafuta chifukwa imathandizidwa ndi batire lalikulu, koma zotsika mtengo zimene mukuziona ndi zakale, ndipo batirelo likatopa limadya ndalama zambiri nthawi imodzi.

Ngati mukuitanitsa ku Japan, musatengeke ndi mtengo wa pa intaneti. Pamwamba pake pali ndalama za sitima mpaka ku Dar es Salaam, za kudoko, za woyendetsa kufika pa Songwe, msonkho wa MRA umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kenaka kulembetsa, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwaransi. Galimoto yakale kwambiri imaoneka yotchipa, koma msonkho wake ndi umene umapweteka, choncho funsani kaye woona za msonkho musanatumize ndalama.

Mukagula pompano, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Muilize m'mawa injini isanatenthe kuti muone utsi, muikweze chitunda chenicheni, ndipo nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'bulubuku. Musungenso ndalama yapadera yosinthira mafuta onse ndi matayala mwezi woyamba, chifukwa magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi matayala a m'chipale chofewa omwe amatha msanga pa tala wathu wotentha.