Za myuziyamu ya sitima ku Bulawayo: pitani, koma mutenge wamkulu

Achemwali, mwati mukupita ku Bulawayo ku ukwati wa mwana wa amalume anu, muli ndi tsiku limodzi lopanda zochita, ndipo mukufunsa ngati kuli kwanzeru kulithera ku myuziyamu ya sitima poti agogo anu aamuna ankagwira ntchito kunjanji kumeneko. Ine ndikuti pitani ndithu. Agogo anganso anachona komweko. Tsiku limene ndinafika pamalopo ndinkati ndingozungulira kamphindi, koma ndinatulukamo dzuwa litapendeka.

Malowa ali ku Raylton, kuseri kwa siteshoni yaikulu, ndipo eni ake ndi a National Railways of Zimbabwe. Anawatsegula mu 1972, patatha zaka 75 chifikireni sitima yoyamba mumzindawu mu 1897. Musalowe mothamanga. Kanyumba ka malata ndi matabwa komwe mukafikireko ndi siteshoni yeniyeni ya ku Shamva, anachita kuiphwasula n'kudzaimanganso pamenepo. Imani pakhonde pake kaye. M'tinyumba totere ndi momwe makolo athu ankadikira sitima, kamtolo ka zovala pamutu, chitupa m'thumba.

Alendo ambiri amathamangira ku chitolole (bogi ya sitima) cha Cecil Rhodes, mzungu yemwe dziko la Rhodesia linatengera dzina lake. Nanunso kachioneni. Chinapangidwa ku America ndi kampani ya Pullman, m'kati mwake matabwa ochita kunyezimira, malo ogona, malo odyera, ndipo ndi chomwe chinanyamula mtembo wake mu 1902 kuchokera ku Cape Town kudzauika ku mapiri a Matopos. Palinso kamutu kasitima kakang'ono kotchedwa Jack Tar, kopangidwa ku Leeds mu 1889, komwe kanagwira ntchito pomanga mlatho wa pa Victoria Falls n'kukhala koyamba kuwoloka mlathowo mu 1905. Mukakaona mudzadabwa kuchepa kwake.

Koma pomwe ine mtima unandigwira ndi pa zimitu zikuluzikulu zotchedwa Garratt, zambiri zopangidwa ku Manchester ndi kampani ya Beyer, Peacock. Kamangidwe kake n'kachilendo: chimgolo chowiritsira madzi chili lende pakati, kutsogolo thanki ya madzi, kumbuyo nkhokwe ya malasha, magudumu oyendetsa mbali zonse ziwiri. Anachita dala kuti chimutu cholemera chotero chizitha kukhota pa njanji yopapatiza ngati yathuyi, poti mpata wa njanji ya ku Zimbabwe ndi wofanana ndi wa ya ku Limbe, mamilimita 1,067. Ndinakwera pamalo a dalaivala n'kusuzumira pakakhomo koponyera malasha. Fungo la girizi wakale likadalipo, ndipo manja anga anatuluka ali bii. Pamenepo ndinakumbukira zikhatho za agogo, zokhakhala ngati khungwa la mtengo, ndi mizere yakuda yomwe sopo sankaichotsa. Ankati ntchito yawo inali kukweza malasha a ku Wankie, komwe lero timati Hwange, kupala phulusa ndi kupukuta zitsulo usiku kuti m'mawa sitima inyamuke ikuwala. Masiku amenewo udalaivala unali wa azungu okha. Munthu wakuda wake unali fosholo, piki, kunyamula katundu ndi kuyala njanji.

N'chifukwa chake ndikuti musapite nokha. Chitsulo sichilankhula, achemwali. Pa ukwatipo sipadzalephera kupezeka mdala yemwe anapuma ntchito ku njanji, makamaka ngati abale anu ali ku Sizinda kapena ku Matshobana, madera omwe anamangidwira anthu a ntchito za njanji. Ku Sizinda Chinyanja chimamveka mpaka lero. Mupempheni mwaulemu, mumulipirire galimoto ndi polowera. Ine ndinapita ndi abambo ena omwe ankadziwana ndi agogo, ndipo atafika pa chimutu china anaika dzanja pa gudumu n'kukhala chete nthawi yaitali. Atayamba kulankhula sanalekenso. Anandifotokozera za ulendo wochokera kwathu: kukwera pa Limbe, kutsika kuchigwa kudzera ku Port Herald komwe ndi Nsanje, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana womwe unatsegulidwa mu 1935, kulowera cha ku Beira, kenako Umtali komwe ndi Mutare, Halale, mpaka Bulawayo, ulendo wonse pa mabenchi a matabwa a folo kalasi. Osowa ya tikiti ankayenda pansi kudzera ku Tete.

Mukamufunsenso za sitalaka ya mu October 1945. Inayambira mu Bulawayo momwemo, antchito akuda a njanji atatopa ndi malipiro ochepa, chakudya choipa ndi nyumba zothinana, ndipo inafalikira m'njanji monse mpaka ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia. Joshua Nkomo, yemwe anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa Zimbabwe, naye anadziwika koyamba ngati mtsogoleri wa bungwe la antchito a njanji, asanalowe ndale zenizeni. Agogo anu ngati analiko zaka zimenezo, nkhaniyi ndi ya pakhomo panu.

Pang'ono za kakonzekeredwe. Pitani m'mawa, chifukwa zambiri zili pabwalo ndipo zitsulo zikatentha sizigwirika. Valani nsapato zotseka ndi zovala zoti zikada musadandaule, chitenje cha ukwati chisiyeni kunyumba. Tengani madzi akumwa ndi timadola tating'onoting'ono ta ku America tolipirira pakhomo, ndipo abale anu akufunsireni za nthawi yotsegulira tsikulo lisanafike. Ngati muli ndi ana, muwagwire dzanja pokwera, masitepe ake ndi aatali.

Ngati kunyumba kuli chithunzi cha agogo kapena kabuku kawo ka ntchito, katengeni mukawaonetse ogwira ntchito pamenepo ndi mdala mudzapite nayeyo. Mukabwerako mudzatiuze muno zomwe akakuuzeni, ine ndidikira.