Kuyeza asidi m'nthaka popanda makina

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi, ndipo ndikufuna kuti ophunzira anga ayeze asidi wa m'nthaka ya pasukulu, koma tilibe makina oyezera pH (muyeso wa asidi). Ndamva kuti viniga ndi soda zikhoza kugwira ntchitoyi. Kodi n'zoona?

Yankho: Aphunzitsi, njira ya viniga ndi soda imakondweretsa ana chifukwa cha thovu, koma imangoonetsa nthaka yomwe yapyola muyeso. Dothi likachita thovu mutathira viniga, ndiye kuti muli laimu wambiri, ndipo likachita thovu ndi soda, ndiye kuti asidi wanyanya. Nthaka yambiri ili pakatikati, choncho phunziro likhoza kutha ana osaona kanthu.

Ine ndingakulangizeni timapepala toyezera pH, tomwe timasintha mtundu n'kuuyerekeza ndi tchati cha pabokosi. Muyeso wa pH umayambira pa 0 kufika pa 14; pa 7 ndi pakati, pansi pake ndi asidi, pamwamba pake ndi alikali. Ana amvetse kuti dothi la pH 5 lili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa la pH 6. Mbewu zambiri zimakula bwino pakati pa 6 ndi 7, koma pH ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amayamba kuwononga mizu ndipo fosifolasi, yemwe ndi chakudya cha mbewu, amamangika m'dothi moti mbewu sizimupeza.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pokonza dothi. Ophunzira achotse zinyalala zapamwamba, akumbe masentimita 15 mpaka 20 m'malo angapo a chigawo chimodzi, asakanize dothilo, aliumitse pamthunzi n'kulipera. Kenako athire madzi magawo awiri ndi theka pa gawo limodzi la dothi, avundule bwino, adikire mphindi 30 kuti matope akhazikike, n'kuviika kapepala m'madzi a pamwambawo. Madziwo akhale a distilled, monga omwe amathira m'batire ya galimoto (osati asidi wa batire), chifukwa madzi a pampopi kapena a pachitsime ali ndi mchere wawo, ndipo ngakhale madzi a mvula amakhala pa pH ya pafupifupi 5.6.

Timapepala tikasowa, madzi owiritsira kabichi wofiira amafiira mu asidi ndipo amabiriwira mu alikali, ngakhale kuti sapereka nambala.

Gawani ana m'magulu kuti ayerekeze dothi la pamalo potayira phulusa, la pansi pa mitengo, ndi la m'munda wothiridwa feteleza wa amoniyamu kwa zaka zambiri, ndipo gulu lililonse lilembe zomwe likuyembekezera lisanayeze.